Mphunzitsi wa ku Kawale ndi mzinda umene wakula iye akuona



Tambala asanalire kachiwiri, mphunzitsi wa ku Kawale amakhala atadzuka kale. Ayamba wapita kumpopi kukaona ngati madzi akutuluka, chifukwa tsiku limene mpopi wauma zidebe zimandanda pakiyosiki dzuwa lisanatuluke. Mbaula ikayaka, ana akamwa phala, iye anyamula makope amene anachonga usiku poyatsa kandulo, nkukadikira minibasi. Ikachedwa akwera kabaza, atakumbatira chikwama pachifuwa kuopa fumbi la mwezi wa Okutobala.

Mphunzitsiyu anabadwa Lilongwe ali kamzinda kogona. Pamene boma la Dr Hastings Kamuzu Banda linasamutsa likulu kuchoka ku Zomba m'chaka cha 1975, kuseri kwa Biwi ndi Area 23 kunali minda ya chimanga ndi madambo odyetsako ng'ombe. Kalembera wa 1977 anapeza anthu osafika 100,000 mumzindawu. Wa 2018 anapeza 989,318. Anthu onsewo anafuna pogona, ndipo pogonapo panachokera m'minda ya makolo. Chinsapo watambalala m'mbali mwa msewu wa ku Likuni, Mgona wadzaza ndi ogulitsa mtedza ndi aganyu a ku Kanengo, ndipo makala ophikira nsima m'nyumba zonsezi akhala akudya nkhalango ya Dzalanyama, komwe kumachokera mtsinje wa Lilongwe umene anthu omwewo amamwa.

Kusukulu nako zinthu zinatembenuka. Maphunziro aulere a ku pulayimale atayamba mu 1994, ana anakhamukira m'makalasi ngati ngumbi, ndipo patapita zaka zowerengeka khamu lomwelo linagogoda pamakomo a sekondale. Lero mphunzitsi amaphunzitsa m'mawa, adye chimanga chootcha chiimire, masana ayambirenso ndi ophunzira a sukulu ya masana, ena mwa iwo amayi a ana awiri. Ndalama ya masanayo ndi imene imamufikitsa kumapeto a mwezi osagwa m'manja mwa akatapila. Zimenezi sadandaula nazo kwambiri, pakuti anazizolowera.

Chimene chimamusowetsa tulo chili m'phunziro la Chichewa. Akalemba pabolodi mawu akuti mzinda, kalasi yonse imayankha kuti ndi Lilongwe, Blantyre kapena Mzuzu. Palibe wakwezapo dzanja kunena kuti kwa Achewa mzinda ndi ulamuliro umene mfumu imalandira kuti izivinitsa gule ndi chinamwali, ndi kuti mwini mzinda si meya. Akafunsa kuti mwini mbumba ndani, ana amati ndi bambo, poti ndiye amalipira lendi. Atsibweni, amene kale ankayankha mlandu wa mphwawo ndi kumuimira pachinkhoswe, asanduka ankolo oimba foni pa Khirisimasi. Anawo sanalakwe. Anabadwira m'nyumba za lendi momwe khomo loyandikana nalo muli Mtumbuka, linalo Myao, linalo Mlomwe, ndipo chinenero chimene onsewo agwirizanapo ndi Chichewa cha pamsewu, chothamanga ndi chokoma m'kamwa, koma chosadziwa kusiyanitsa dambwe ndi liunde.

Komabe mwambo sunachoke m'maderawa. Ku Chinsapo ng'oma zimalirabe pamaliro ndi pamwambo wa ziliza, ndipo ana a sukulu amathawabe akaona chilombo chikutuluka kumanda. Chaka cha 2005 bungwe la UNESCO linalemekeza Gule Wamkulu monga chuma cha anthu a dziko lonse lapansi. Chodandaulitsa nchakuti ulemuwo suletsa munthu wogula puloti kuumba njerwa pafupi ndi msitu wa manda. Mitengo ya pamanda ikatha, gule asowa kobisala, ndipo nkhani imeneyi ili m'manja mwa mafumu amene amasaina mapepala a malo koposa m'manja mwa aphunzitsi.

Chimene mphunzitsi angathe nchochepa, ndipo amachichita. Teremu iliyonse amatuma ophunzira a Fomu 1 kukafunsa makolo zinthu zitatu: dzina la mudzi wa kuchikazi, dzina la mfumu yake, ndi mfunda wa agogo awo. Ena amabwera atadzaza tsamba, akunyadira kuti agogo awo ndi a Nabanda a ku Kasiya kapena a Naphiri a ku Mitundu. Ena amabwereka foni ya mayi awo kuimbira kumudzi, nkhani nkutalika mpaka mayunitsi kutha. Koma chaka chilichonse pamakhala awiri kapena atatu obweza kope lopanda kanthu, chifukwa wodziwa zimenezo anaikidwa kale m'manda a ku Area 18. Oterewa mphunzitsi sawadula malikisi. Amawalembera m'munsi mwa tsambalo mayina a achibale ena oyenera kufunsidwa, azakhali kapena atsibweni, nawapatsa sabata ina.