KUDYA ZA M'NYANJA YA MCERE KU DAR ES SALAAM

Dziko la Zambia liribe nyanja ya mcere, koma anthu ace ambiri aidziwa njira ya ku Dar es Salaam. Njirayi inayamba kuchuka pambuyo pa caka ca 1965, pamene Azungu a ku Rhodesia anadzipatsa okha ufulu, ndipo mafuta a galimoto anayamba kudzera mu mseu wa kumpoto, umene unachedwa Hell Run cifukwa ca kuipa kwace. M'caka ca 1968 mpope wa mafuta unafika ku Ndola, ndipo mu 1975 anatha kuyala njanji ya TAZARA, ya makilomita 1,860, yocokera ku Kapiri Mposhi. Masiku ano oyendetsa malole a mkuwa, amai okagula nsaru ku Kariakoo ndi anyamata okatenga magalimoto pa doko, onsewo adutsa pa Nakonde ndi Tunduma kunka ku nyanja. Cacisoni n'cakuti ambiri a iwo akhala mu mzindawo sabata yathunthu ali kudya nkhuku ndi chipisi, nabwerera kwao osalawako cimene eni dziko anyadira naco koposa.

Cimene ciwaletsa ndi mantha, ndiponso kusadziwa mau. Munthu wolankhula Cinyanja akalowa m'nyumba yodyera, namva woperekera cakudya ali kuchula kamba, aganiza kuti amphikira kanyama ka cigoba koyenda pang'onopang'ono m'chire kaja, kapena kuti afuna kummangira kamba wa pa ulendo. Iai. M'Ciswahili kamba ndi kacirombo ka m'madzi, kotalika ngati cala, ka ndebvu zazitali ndi miyendo yambiri, kamene Azungu akacha prawn. Kakapsa kafiira. Munthu amene amadya mafulufute ndi finkubala za kwa anzace a Cibemba alibe cifukwa cokaopera, pakuti kadyedwe kace ndi kamodzimodzi: acotsa mutu ndi cigoba, nadya mnofu woyera wa m'kati. Mau akuti hoteli nawonso asokeretsa alendo. Kumeneko kanyumba kali konse kogulitsa tiyi ndi mpunga kachedwa hoteli, ngakhale mulibe cipinda cogonamo.

Wofuna kumvetsa cakudya ca mzinda uwu ayambe ulendo wace m'bandakuca ku Kivukoni, pakamwa pa doko, pafupi ndi Ikulu, nyumba ya Boma. Pamenepo pali msika waukuru wa nsomba umene anthu angoucha Feri, cifukwa uli pafupi ndi pokwerera pantoni yoolotsa anthu kunka ku Kigamboni. Msikawo unamangidwanso ndi thandizo la dziko la Japan, nutha m'caka ca 2002. Asodzi afika ndi ngalawa zao dzuwa lisanakwere. Nsomba azikhuthulira pa matebulo a simenti, ndipo ogula aunjikana mozungulira, napikisana mitengo mofuula kufikira wina apambane. Malonda otere awacha mnada. Ophika a m'mahotela akuru ndi amai osauka a madengu aima pa tebulo limodzi, ndipo nsomba imene idzadyedwa usiku pa nsaru yoyera ndi mphanda icokera mu mulu womwewo ndi imene idzakazingidwa m'mbali mwa mseu.

Mlendo akhoza kugula nsomba yace, napatsa mnyamata wa mpeni kuti aipale mamba ndi kuitumbula, ndipo pambuyo pace apita nayo ku mbali ya msika kumene kuli mafuwa ndi miphika ya mafuta. Kumeneko kuli utsi wolowa m'maso ndi pfungo losacoka msanga m'malaya, koma nsomba yace ndi yosayerekezeka. Amai ophika zakudya zogulitsa, ochedwa mama lishe kapena mama ntilie, amkhazika pa benchi, namthirira madzi osamba m'manja, namfunsa ngati afuna ugali kapena wali. Ugali ndiyo nsima, yolimba pang'ono kuposa ya ku Cipata. Wali ndiwo mpunga wophika.

Pfunso limene anthu a kumtunda afunsa kawirikawiri ndi lakuti, kodi nsomba yobadwira m'madzi a mcere siwawa mcere? Siwawa konse. Thupi lace liturutsa mcerewo kudzera m'mbali mwa mutu momwe ipumira, ndipo wophika athira mcere monga acitira ndi nsomba ya mu Kafue. Woyamba kumene ayambe ndi changu, imene mnofu wace ndi woyera, wofanana ndi wa cambo. Nguru ndi nsomba yaitali imene aidula m'mapisi ozungulira, ndipo ubwino wace ndi wakuti iribe minga yambiri, kotero kuti ngakhale mwana aidya mosabvuta. Jodari ndi yaikuru, ya mnofu wofiira ngati wa ng'ombe, koma ikapsa kopitirira iuma ngati cikuni. Kibua ndi yotsika mtengo, ndiwo za anthu wamba. Ndipo wosowa kwao apeza dagaa, tinsomba tating'ono tofanana ndi kapenta wa ku Mpulungu.

Pa zophika zonse za m'mbali mwa nyanjayi, imene iyenera ulemu ndi samaki wa kupaka. Nsomba yathunthu aicekaceka m'nthiti, naithira mcere, adyo ndi madzi a ndimu, naioca pa makala. Mbali inayi mai akhala pa kampando ka mtengo kokhala ndi citsulo ca mano kutsogolo kwace, napala kokonati. Kampandoko dzina lace ndi mbuzi, monga mbuzi ya m'khola, ndipo mlendo asadabwe akamva mai ali kubwereka mbuzi kwa mnzace kuti aphikire ndiwo. Zopalazo azifinya m'madzi, naturutsa msuzi woyera ngati mkaka, wochedwa tui. Tui auwiritsa pamodzi ndi bwemba ndi tsabola kufikira ulimbe, naupaka pa nsomba ija, naibwezeranso pa moto kuti msuziwo ulowerere. Mafuta a kokonati, kuwawasa kwa bwemba ndi utsi wa makala zikomana m'kamwa nthawi imodzi. Kuidya ndi mphanda ndiko kuilakwira. Ifuna dzanja, ndipo dzanja lace ndi lamanja, pakuti anthu a ku gombe, amene ambiri ndi Asilamu, sadyera la kumanzere.

Pweza ndiye amene athawitsa alendo ambiri. Alibe pfupa ngakhale limodzi, ali ndi mikono 8 ya timabowo tokakamira, ndipo akatha kumgwira ammenyetsa pa mwala kapena pa mcenga nthawi yaitali kuti afewe. Madzulo anyamata aika matebulo pa mphambano za miseu, nayatsa nyali, nagulitsa pweza wodulidwa tizidutswa. Wogula atenga kamtengo kosongoka, nabaya kacidutswa, nabviika mu tsabola, ndipo akakhuta alipira monga mwa ciwerengero ca zidutswa zimene wadya. Msuzi wa pweza amuna a kumeneko authamangira, ati upatsa mphamvu za m'nyumba. Zimenezo anena ndi ogulitsa, ndipo wogulitsa sanyoza malonda ace. Mbale wace wa pweza ndi ngisi, amene amdula ngati mphete namkazinga msanga, cifukwa akakhalitsa pa moto asanduka mphira. Nkhanu aicha kaa, ndipo ya m'nyanja ikula kuposa cikhato ca munthu wamkuru.

M'masiku a Azungu mzinda uwu unagawidwa patatu, ndipo maina ace akali kumveka: Uzunguni, Uhindini ndi Uswahilini. Anthu a ku Copperbelt, amene akumbukira kusiyana kwa mayadi ndi komboni, samva cacilendo pamenepa. Oyster Bay inali ya Azungu. Tsopano gombe lace, lochedwa Coco Beach, lidzaza ndi mabanja a anthu wamba Loweruka ndi Lamulungu, ali kudya cinangwa cokazinga cothira tsabola ndi ndimu, nyama yooca pa timitengo yochedwa mishkaki, ndi kumwa madzi a kokonati wamuwisi, amene awacha madafu. Kupitirira pamenepo, ku Msasani, kuli nyumba zodyera za mtengo wapatali zopenya ku nyanja, makamaka pa Slipway, pamene kale ankakonzerapo ngalawa. Kumeneko malamulo a khungu anatha, koma thumba ndilo lisankha wolowa.

M'nyumba zotere m'mene mlendo ayenera kucenjera ndi ndalama zace. Kamba wamkuru wa cigoba colimba, amene Azungu amucha lobster, kawirikawiri agulitsidwa poyesa pa sikelo, ndipo pa pepala la zakudya nthawi zina salembapo mtengo. Munthu amene wangoloza ndi cala, osafunsa, akhoza kudya ndalama ya basi yobwerera kwao pa mbale imodzi. Kufunsa kuti "Bei gani?" si umphawi, pakuti eni dziko omwe afunsa. Ndipo aone ndi maso ace pamene ciri kuyesedwa.

Mitengo ya nsomba isintha ndi mphepo. Kuyambira ca mu December kufikira March kuomba mphepo ya kumpoto yochedwa kaskazi, ndipo asodzi apita kutali mosabvuta. Ca pakati pa caka kubwera kusi, mphepo ya kumwera, imene anthu a ku nyanja ya Malawi angaiche mwera. Nyanja ikalipa, ngalawa zazing'ono zikhala pa gombe, ndipo nsomba icepa nikwera mtengo. Mwezi nawonso ulamula msika. Asodzi a dagaa akopa nsomba ndi nyali usiku wa mdima, monga acitira a kapenta ku Kariba, ndipo mwezi ukawala nyali zao zikhala zopanda nchito.

Amuna a m'migodi adziwa cimene dainamaiti icita ku thanthwe. Kwa zaka zambiri asodzi ena a m'mbali mwa Tanzania ankaiponya m'nyanja, ngakhale lamulo liletsa. Kuphulika kumodzi kupha nsomba zazikuru ndi zazing'ono zomwe, ndi kugumula matanthwe a m'madzi m'mene nsomba ziswana, amene atenga zaka zambiri kuti amerenso. Boma litalimbika m'zaka za 2017 ndi 2018, mcitidwewu unacepa kwambiri. Nsomba yophedwa motere idziwika ndi mnofu wace wofewa ndi msana wothyokathyoka. Nsomba yabwino iri ndi maso owala, m'mbali mwa mutu muli mofiira, ndipo poitsindika ndi cala mnofu ubwerera m'malo mwace. Dar es Salaam ndi dziko lotentha, ndipo za m'nyanja zionongeka msanga kuposa nyama. Kamba kapena nkhanu imene yakhala pa dzuwa kuyambira m'mawa, nchenche ziri kuimba, isiyidwe ngakhale itsike mtengo cotani. Cakudya cabwino ca mu mseu ndi cimene caphulidwa pa moto wogula ali kuona.

Ziripo zinthu ziwiri zosayenera kulawa konse. Coyamba ndi bunju, nsomba imene idzitukumula ngati mpira ikagwidwa. Ululu wa m'ciwindi cace ndi m'mazira ace sutha ndi moto. Caciwiri ndi kasa, kamba weniweni wa m'nyanja. Lamulo liletsa kumupha, ndipo nyama yace nthawi zina ikhala ndi ululu wosaoneka ndi maso. Mu March 2024, pa kacisumbu ka Panza ku Pemba, anthu 9 anamwalira atadya nyamayi, ndipo 8 mwa iwo anali ana. Aliponso anthu amene thupi lao likana kamba ndi nkhanu: milomo itupa, khungu liyabwa, mpweya ubanika. Woyamba kudya alawe pang'ono, ndipo akaona zizindikiro zimenezi athamangire ku cipatala. Kwa ena onse nsomba ya m'nyanja ndi cakudya comanga thupi, ndipo iri ndi ayodini, amene aletsa nthenda ya cithokomiro, imene ibvuta anthu okhala kutali ndi nyanja.

Ena sadya zimenezi cifukwa ca cipembedzo. Akristu a mpingo wa Seventh-day Adventist, amene ali ambiri mu Zambia, atsata lamulo la m'buku la Levitiko mutu 11, limene lilola za m'madzi zokhala ndi zipsepse ndi mamba zokha. Amene sadya mlamba kwao sadzadya pweza kapena nkhanu ku gombe, koma changu ndi yololedwa. Asilamu a m'mbali mwa nyanjayi adya za m'madzi zonse, koma nyama ya nkhumba m'nyumba zao zodyera mulibe, ndipo zambiri sizigulitsa mowa. M'mwezi wa Ramadhani zina zitsekedwa usana wonse, nizitsegulidwa dzuwa litalowa.

Wopangana ndi mnzace nthawi ya cakudya akumbukire kuti Aswahili ayamba kuwerenga maora dzuwa likaturuka. Saa moja, ndiko kuti ora loyamba, ndi 7 koloko. Woitanidwa pa saa mbili usiku afike pa 8 koloko madzulo, asadikire 2 koloko ya pakati pa usiku.

Tiyi wa m'mawa amwedwa ndi maandazi kapena vitumbua, dzina lodziwika ku Lusaka, koma vitumbua vya ku gombe ndi vya ufa wa mpunga ndi kokonati. Khofi ali ndi mwambo wace. Wogulitsa ayenda ndi ketulo ya citsulo yokhala pa kambaula ka makala, nathira khofi wakuda, wowawa, wopanda shuga, m'tikapu topanda cogwirira. Shuga wace ndi kashata, kacidutswa kozuna ka nsawawa kapena kokonati, kamene munthu aluma pang'ono asanamwe. Madoda akhala pa benchi madzulo, kapu iri m'dzanja, ali kutsutsana za Simba ndi Yanga, matimu awiri a mpira amene anagawa mzindawo pakati. Mlendo wa ku Kitwe akanena kuti kwao ndi kwa Nkana, amsendezera malo pa benchi, ndipo afuna kudziwa ngati ali wa Simba kapena wa Yanga asanamthirire kapu yaciwiri.