Zogonera za kutchire: mawu amene anayankhulidwa pa msonkhano wa kalabu ya omvera

Mwandipatsa mphindi zochepa, tsono ndisataye nthawi ndi malonje.

Pa pulogalamu ya sabata yatha mnyamata wina anafunsa kuti wapeza thumba logonamo pa kalamidade, lija pa Chipwitikizi amati saco-cama, ndiye agule kapena ayi? Nthawi inatha asanayankhidwe. Ine funsoli ndinapita nalo kunyumba, chifukwa ambirife timagona kunja kawirikawiri. Wina ali ku chilindo kulondera nguluwe, wina ku dimba, wina njinga yamuthyokera panjira, wina wapita ndi alenje. Za alenjezo ndinene msanga: kusaka kumafuna chilolezo cha boma, ndipo ine sindikutuma munthu kukatchera misampha kapena kutentha tchire. Ndikunena za tulo basi.

Yankho langa kwa mnyamatayo ndi ili: chogonera chimodzi, ngakhale chikhale chokhuthala bwanji, sichikwanira dziko lathu lino. Taonani chigawo chathu cha Tete. Kuno ku Ulónguè tili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,300, ndipo phiri la Dómuè limapitirira mamita 2,000. Mu Juni ndi Julayi chisanu chimawaula mbewu m'madimba. Koma mukatsikira ku mzinda wa Tete mu Okutobala, kutentha kumapitirira madigiri 40. Munthu yemweyo, chigawo chomwecho. Ndiye mugula chofunda cha kuti?

Ine ndinaphunzira ndi thupi langa. Zaka zingapo zapitazo ndinagula thumba lotereli, lalikulu, lofiira, la zipi mpaka kumutu. Ndinanyada nalo kwambiri. Tinapita ndi malume anga kukafula njuchi, mwezi wa Julayi, ndipo kunatidera pafupi ndi dambo. Ine ndinangoyala thumba langa pansi pa dothi n'kulowamo. Malume anayamba amweta udzu wouma mtolo wathunthu, anayala, anaika saka pamwamba, kenaka n'kudzikulunga m'gombeza lawo lakale long'ambikang'ambika. Ndinawaseka mumtima. Pofika pakati pa usiku amene ankanjenjemera ndi ine. Msana ndi chiuno zinazizira ngati ndagona pa mwala wa mumtsinje, pomwe malume ankangoliza mkonono. Mmawa anangondiyang'ana n'kunena kuti, "Mphwanga, kuzizira kumachokera pansi."

Ananena zoona, ndipo chifukwa chake n'chosavuta. Chimene chimatifunditsa si nsalu ayi, koma mpweya umene wagwidwa m'kati mwa nsaluyo, umene thupi lathu lomwe lautenthetsa. Mukagonera thumba, mbali ya pansi imaphwatalala, mpweya uja umathawa, dothi n'kuyamba kukuyamwani kutentha usiku wonse. Choncho choyamba kuganizira ndi choyala, osati chofunda. Pulasitiki kapena lona pansi kuti chinyontho chisakwere, pamwamba pake udzu wouma, mkeka, makatoni kapena kasiponji kopyapyala. Ndiponso musagone m'dambo. Mpweya wozizira ndi wolemera, usiku umatsikira kumalo otsika ngati madzi. Kwerani pang'ono, pezani malo amene mwala kapena chitsamba chikukutchingirani mwera.

Thumba lomwelo linandichitanso manyazi kachiwiri, ulendo uno kuchigwa, nthawi yotentha. Kulowamo kunali ngati kulowa mu uvuni ya njerwa. Ndinagona pamwamba pake, chifuwa pamtunda, udzudzu n'kuchita phwando. Patapita masiku ndinali ku chipatala ndi malungo. Neti ndinali nditaisiya kunyumba kuti katundu achepe, pomwe thumba losafunikalo linadzaza keliyala yonse ya njinga.

Kuchokera pamenepo ndimanyamula zinthu zingapo zopepuka m'malo mwa chimodzi cholemera. Kapulana, bulangeti kapena thumba lopyapyala, lona, choyala, ndi neti. Kukatentha ndimafunda kapulana yokha m'kati mwa neti. Kukazizira pang'ono ndimawonjezera bulangeti. Kukachita chisanu ndimalowa m'thumba nditakulunga kapulana, bulangeti pamwamba, chipewa cha ubweya kumutu, masokosi ouma kumapazi. Lona ndimaimanga pamwamba ngati denga kuti mame asandinyowetse. Musadzikulunge mu pulasitiki ayi. Thupi limatulutsa chinyezi usiku wonse, chikasowa potulukira mudzuka mutanyowa ngati mvula yakuvumbwani. N'chimodzimodzi kupumira m'kati mwa thumba: mphuno ndi pakamwa zikhale panja. Ndipo malaya amene mwayenda nawo tsiku lonse, a thukuta aja, vulani. Sungani ena ouma ogonera okha.

Zimenezi sizinabwere ndi azungu, abale anga. Agogo athu anali ndi mfumba, mkeka wa mlaza wopindidwa pawiri n'kusokedwa m'mbali, mbali imodzi yokha yotseguka. Munthu ankalowamo n'kugonera mbali yotsegukayo, udzudzu ndi mphepo n'kusowa polowera. David Livingstone, amene anayenda mu Zambezi kuyambira 1858 mpaka 1864 ndipo anakhalapo ku Tete, analemba za mfumba m'buku la ulendo wakewo, atawaona anthu amene ankayenda nawo akugonamo. Lero tikupikisana kugula pa msika chinthu chimene agogo ankaluka okha pansi pa mtengo.

Koma mnyamata uja anafunsa za kugula, tsono ndimuyankhe. Ngati mukugula, gwirani thumbalo ndi manja, musakopeke ndi mtundu. Alipo a mitundu iwiri. Ena m'kati mwake muli nthenga zofewa za abakha kapena atsekwe. Amenewa ndi opepuka, ofunda kwambiri, ndipo amapindika kukhala kamtolo kakang'ono, koma akanyowa nthenga zimaumbika ndipo safundanso mpaka ataumitsitsa. Ena muli thonje la kufakitale. Ndi olemerako, otenga malo, koma akanyowa amafundabe pang'ono ndipo amauma msanga. Kwa ife amene timagona pa mame ndi kuwoloka mitsinje, ine ndimasankha achiwiriwa. Ena angatsutse, palibe mlandu.

Yang'ananinso kansalu kolembedwa manambala. Ku Ulaya kuli muyezo umene poyamba unkatchedwa EN 13537, ndipo kuyambira 2016 ukutchedwa ISO 23537. Amaika m'thumba chidole cha msinkhu wa munthu, chotenthetsedwa ndi magetsi, n'kuyeza kutentha kumene kukutayika. Pamatuluka manambala atatu. Yoyamba, ya comfort kapena conforto, ndiyo yakuti munthu wosachedwa kuzizidwa agona bwino. Yachiwiri ndi ya malire, munthu atadzipinda ngati kamwana. Yachitatu, ya extreme, si ya tulo konse, ndi yongoti mwina simufa. Wogulitsa adzakulozerani yachitatuyo chifukwa ndiyo yooneka yamphamvu. Inu yang'anani yoyamba. Kumbukiraninso kuti chidolecho amachigoneka pa choyala chitavala zovala, osati pa dothi ngati mmene ndinachitira ine. Komanso thumba la pa kalamidade lagonedwa kale zaka, laphwatalala, nambala yakeyo siingakhalenso yoona. Likutumuleni, muone ngati likufufuma. Liyang'aneni pa dzuwa, muone ngati pali malo amene m'kati mwatha. Zipi muyendetse kawiri katatu. Lowanimo ndithu pomwepo pa msika, asekeni aseke, chifukwa thumba lothina limazizira pamapewa ndipo lalikulu kwambiri thupi limalephera kulitenthetsa.

Pali china chimene ndikupempha a wailesi achibwereze nyengo yozizira ikamayandikira. Musalowetse mbaula ya makala mu msasa wotsekedwa kapena mu tenti. Makala amatulutsa mpweya wopanda fungo umene umagonetsa munthu osadzukanso. Moto ukhale panja, ndipo matumba awa musayandikize nawo: nsalu yake ikagwidwa ndi kaphulusa ka moto imasungunuka n'kumata pakhungu, inu muli m'kati, zipi watseka. Bulangeti la ubweya ndilo limapirirako pafupi ndi moto. Mmawa kutumulani zonse pamodzi ndi nsapato musanavale, pakuti zinkhanira nazo zimakonda pofunda. Mukafika kunyumba yanikani thumba, ndipo mulisunge lomasuka, osati lofinyidwa m'kachikwama kake miyezi yonse.

Katundu wanga ndabwera naye, ali pa njinga panjapo, womangidwa ndi mphira umodzi. Tikatuluka ndimasula kuti aliyense agwire. Ndipo a mlembi, lembani pempho ili lipite ku wailesi: ngati m'midzi yathu muli agogo amene akudziwabe kusoka mfumba, atiuze, kalabu iwapititsire mlaza, tikaphunzire chisanu chisanafike.