Mnzathu Akachedwa Kuyankha pa Foni

Ambiri a ife tikukumbuka nthawi imene abambo athu ankagwira ntchito ku migodi ya ku Joni. Kalata inkayenda masabata angapo, yankho lake masabata enanso, ndipo panalibe wodandaula kuti wanyozedwa. Mafoni a m'manja anafika m'dziko muno ndi TNM mu 1995, Celtel n'kutsatira mu 1999. Lero kuno ku Thekerani munthu akalemba uthenga m'mawa, pofika masana mtima uli m'mwamba.

Nkhaniyi tikuimva kawirikawiri pa milandu ya m'banja imene ankhoswe amabwera nayo kwa ife. Bambo ali ku Johannesburg, walembera mkazi wake pa WhatsApp. Waona timizere tiwiri tija tasanduka ta buluu, yankho osabwera. Basi wagamula kuti mayi ali ndi wina. Chonsecho mayiyo ali m'munda wa tiyi, dengu kumsana, manja onse awiri akuthyola, pakuti malipiro ake akudalira makilogalamu amene akayezetse. Kapena watsegula uthengawo ndi mwana poseweretsa foni. Timizere timeneti, timene tinayamba mu 2014, timangonena kuti uthenga watsegulidwa. Sitinena amene watsegula, sitinenanso za mumtima mwake. Tsiku lina bandulo yatha, kapena foni yagona kotchajitsa. Ndipo tonse tikudziwa kuti m'zigwa zathu zino netiweki timaitsata pachitunda. Kodi banja lodalitsidwa m'tchalitchi lithe chifukwa cha zimenezi?

Komabe ife olandira uthenga tisabisale pamenepa. Mbale akatumiza ndalama pa Mukuru kapena pa Airtel Money, amadikira liwu limodzi lokha: "Ndalandira." Kumumana liwu limeneli ndi mwano. Mu Malichi 2023, namondwe Freddy atagumula mapiri ndi misewu m'chigawo chino, tinaona mmene kukhala chete kumazunzira wachibale amene ali kutali.

Uthenga wa maliro kapena wa matenda aakulu tisangoulemba n'kukhala. Tiimbe, ndipo foni ikakana titume mwana kapena wa mu Mphakati. Polembera akuluakulu tiyambe ndi moni ndi kudzitchula dzina, chifukwa si onse anasunga nambala yathu.

Inu a pabanja amene mwatalikirana, panganani nthawi yolankhulana: madzulo mukaweruka, kapena Lamulungu Misa ikatha.