Thandizo lenileni limabwera masana

Kunja kwazizira monga mwa nthawi zonse kuno ku Bembeke, ndiye sindichulutsa gaga m'diwa. Ndikufuna tikambirane za ana amasiye, komanso za anthu amene amabwera n'kunena kuti awathandiza pa maphunziro.

Chiyambire 2004, pomwe boma lidayamba kupereka ma ARV mwaulere, maliro a Edzi achepa, koma umasiye sunathe ayi. Ana ena akuleredwa ndi agogo, ena akulerana okhaokha. Sukulu ya pulayimale idakhala yaulere mu 1994, komabe mwana amafuna makope, sopo, juzi ndi chakudya. Mtsikana amafunanso zodzisamalira akakhala kumwezi. Akasowa izi amayamba kujomba, kenako timamuona pa ganyu m'minda ya kachewere, kapena akugulitsa tomato m'mbali mwa msewu wa M1. Basi sukulu yathera pomwepo.

Apa ndi pomwe mipingo imalowererapo. Ansembe a White Fathers adatsegula mishoni ya Bembeke mu 1910, ndipo mapemphero ndi sukulu zakhala zikuyendera limodzi. Onani koleji ya aphunzitsi ya St Joseph's ili pompano. Kalata ya Yakobo, mutu 1 ndime 27, imaika kusamalira amasiye pakati penipeni pa chipembedzo choona. N'chifukwa chake miphakati, mabungwe a amayi ndi mabungwe ena achikhristu amafunafuna anthu akufuna kwabwino, ena a m'dziko muno, ena akunja, kuti aziphunzitsa mwana mmodzimmodzi.

Tsono thandizo loona limayenda bwanji? Limadzera kwa amfumu, kwa aphunzitsi ndi ku komiti ya mpingo. Womulera mwanayo amadziwa, ndipo dzina limalembedwa m'buku. Ndalama zimapita kusukulu kapena ku bungwe, osati m'thumba mwa mwana mobisa. Pakutha pa teremu amafunsa zotsatira za mayeso, safunsa china. Mwanayo amakhalabe pakati pa abale ake, poti ngakhale ndondomeko ya boma ya 2003 yokhudza ana amasiye imati kumalo osungirako ana kuzikhala kopita njira zina zonse zikakanika.

Koma aliponso othandiza ena. Amakuimitsa panjira, amakugulira foni, amati usauze agogo, tikumane madzulo kumsika. Amenewo si othandiza, ndi zidyamakanda. Munthu wamkulu woteroyo sungamuuze kuti tikayezetse magazi, sungamuuze za kondomu, chifukwa sopo ukusambirayo ndi wake. Ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zomwe atsikana a msinkhu wathu amatengera kachilombo ka HIV kwambiri kuposa anyamata. Anyamatanso musadzinamize, aliponso amene amakunyengererani ndi ndalama.

Ena amati njira yothandizira mtsikana wamasiye ndi kumupezera banja. Ayi ndithu. Kuyambira 2017 malamulo akulu a dziko lino salola ukwati wa munthu wosakwana zaka 18. Malemu Mfumu Yaikulu Theresa Kachindamoto a kuno ku Dedza, omwe adatisiya mu 2025, adathetsa maukwati a ana mazanamazana ndi kubwezera anawo kusukulu. Ngati mfumu idatha kutero, ife tingakhale chete?

Mwina mukuti ife tilibe ndalama. Zoona, koma wothandiza wa kutali uja sangadziwe kuti mwana wajomba masiku atatu. Ife timadziwa. Ndiye ndikupempha kalabu iliyonse zinthu zitatu. Choyamba, lembani ana a m'mudzi mwanu amene asiya sukulu, mupereke maina kwa amfumu ndi ku mpingo, osati kukalengeza kumjigo. Chachiwiri, Loweruka limodzi pamwezi tikalimire agogo amene akulera ana, kuti mwana asasiye kalasi chifukwa cha munda. Chachitatu, mukaona wina akuvutitsa mwana, uzani aphunzitsi, amfumu kapena apolisi, mwinanso imbani nambala yaulere ya 116.

Ndipo chonde tisamawasale. Si mwana wamasiye aliyense amene ali ndi kachilombo, ndipo amene ali nako, akamamwa mankhwala mwandondomeko amakula ndi kuphunzira ngati wina aliyense. Tizimuitana ndi dzina lake, osati "wamasiye uja". Paja akulu adati mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Ngati pali mafunso, tiyeni tikambirane.