Kanyumba ka Mlembi Poe: Phunziro kwa Antchito a Boma



Mu mzinda wa New York, ku America, m'dera la Bronx, muli kanyumba ka matabwa kamene kazingidwa ndi nyumba zosanja. Munthu wongodutsa angathe kukapeputsa, komatu m'menemo ndimo munkakhala Edgar Allan Poe, mlembi wa ndakatulo ndi nthano amene mbiri yake idawanda pa dziko lonse.

Poe adaloŵa m'kanyumbako m'chaka cha 1846 pamodzi ndi mkazi wake Virginia ndi apongozi ake, Mayi Maria Clemm. Pa nthaŵiyo malowo, otchedwa Fordham, adali kumudzi, ndipo iye ankakhulupirira kuti mpweya wabwino uthandiza mkazi wakeyo amene ankadwala chifuŵa chachikulu. Lendi idali madola 100 pa chaka, koma umphaŵi udamkhalira pakhomo. Virginia adamwalira m'kanyumba momwemo mu January 1847, ndipo Poe adamtsatira mu 1849 ali ku Baltimore. M'zaka zoŵaŵa zimenezi ndimo adalemba ndakatulo yake yotchuka ya "Annabel Lee".

Mzinda utakula, minda idasanduka miseu, ndipo ntchito yokulitsa mseu wa Kingsbridge idaika kanyumbako pangozi. Anthu okonda mabuku adadandaula kwa akuluakulu kwa zaka zambiri. M'chaka cha 1902 mzinda udatsegula paki ndi kuitcha dzina la Poe, koma kanyumbako kadatsala kunja, tsidya lina la mseu. Padapita zaka 11 dzina lili m'paki, nyumba ili panja. Mu 1913 mpamene mzinda udagula kanyumbako ndi kukasamutsira m'pakimo.

Ntchito siidathere pomwepo ayi. Matabwa amafumbwa, denga limadontha, ndipo sitima zoyenda pansi pa nthaka zimagwedeza maziko. Kuyambira mu 1975 bungwe la Bronx County Historical Society ndilo lakhala likusamala kanyumbako, ndipo mu 2011 kadatsegulidwanso katakonzedwa. Nchifukwa chake lero alendo ndi ana a sukulu amatha kuona ndi maso kama amene Virginia adamwalirirapo.

Phunziro lake ndi ili: kutcha malo dzina la munthu wotchuka nkosavuta, pakuti kumangofuna chikwangwani ndi mwambo wa tsiku limodzi. Koma kusunga nyumba yake kumafuna ndalama chaka ndi chaka, mmisiri wokonza denga ndi mlonda wokhulupirika. Motero woyeza malo, asanalembe mzere wa mseu watsopano, ayenera kuyamba wafunsa mbiri ya nyumba zimene zili m'njira. Naye wogaŵa ndalama za mzinda asaiŵale nyumba zotere pamene akuŵerengera za chaka chamaŵa.

Chikwangwani chikafufutika chimalembedwanso, koma nyumba ikagwetsedwa siibwerera. Paja akulu adati chitsime chimadziŵika kuya chikaphwa. Wantchito wanzeru sadikira kuti chiphwe.