Shuga, Kunenepa ndi Mano Athu



Lero taphika zambiri, ndipo mabotolo a zakumwa ali m'madzi kutidikira. Mutikhululukire tsono, chifukwa nkhani yathu ikhudza zomwezo.

Kwathu kuno mayi akanenepa timati, "Bambo akukusungani bwino." Akaonda timayamba kunong'onezana. Koma kafukufuku wa boma wa 2015 ndi 2016 anapeza kuti pa amayi asanu alionse a m'Malaŵi a zaka 15 mpaka 49, mmodzi ndi wonenepa kupitirira muyeso. Kunenepa kotere kumaitana matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi. Chimene ambirife sitinachimve n'chakuti nkhani yomweyi imakhudzanso mano.

Shuga amene amanenepetsa thupi amayamba wadutsa pa mano. Tizilombo ta m'kamwa timadya shugayo ndi kutulutsa asidi amene amaboola dzino. Mu 2015 bungwe la za umoyo pa dziko lonse la WHO linalangiza kuti munthu wamkulu asapitirire timasupuni 12 ta shuga pa tsiku, ndipo 6 ndiye bwino koposa. Botolo limodzi la Coca-Cola lili ndi timasupuni pafupifupi 8. Nanga tiyi wathu wa m'maŵa uja timathiramo tingati? Nanga m'thobwa?

Munthu wa matenda a shuga nkhama zake sizichedwa kutupa ndi kutuluka magazi, mpaka mano amagwedera. Nkhama zikadwala, shuga wa m'thupi nayenso amavuta kutsika. Mano akatha timaleka chimanga chokazinga, mtedza ndi masamba, timathamangira mandasi oviika m'tiyi. Thupi likumkabe patsogolo.

Ambiri a ife tili ndi ana ku Joni. Kumeneko, ndi ku India komwe, madokotala amachita opaleshoni yochepetsa chifu kwa anthu onenepa kwambiri. Pa opaleshoni ina amachotsa magawo atatu mwa anayi a chifu, kapena kuposapo. Munthu amakhuta msanga, amaonda, ndipo ambiri shuga wao amatsika. Yathandiza anthu ndithu. Koma akulu anati walira mvula walira matope. Ena akachitidwa opaleshoniyi amavutika ndi chilungulira ndi kusanza, ndipo asidi wa m'mimba akafika m'kamwa amasungunula kunja kwa mano. Popeza chifu chachepa, amadya pang'ono koma kaŵirikaŵiri, choncho mano sapuma. Ena m'kamwa mumauma, pamene malovu ndiwo amatsuka mano. Ena thupi limasoŵa kashiamu wolimbitsa mafupa, ndipo amayenera kumwa mankhwala oonjezera moyo wao wonse. Chinanso, chifu chaching'ono chimafuna chakudya chotafunidwa bwino lomwe. Wopanda mano atafuna ndi chiyani?

Choncho mwana wathu akatiimbira foni kuti akuganiza za opaleshoniyi, timuuze ayambe waonana ndi dokotala wa mano. Akasanza achukuche ndi madzi, adikire ola limodzi asanatsuke, pakuti dzino limakhala litafeŵa.

Ifeyo kuno opaleshoni yotere ili kutali, ndipo madokotala a mano ndi ochepa. Maphunziro a udokotala wa mano anayamba mu 2019 chabe ku College of Medicine ku Blantyre. Mankhwala athu ali m'khitchini mwathu. Tichepetse shuga supuni imodzi imodzi mpaka lilime lizoloŵere. Mgaiwa, nyemba, bonongwe ndi nkhwani tisaziyese zakudya za umphaŵi. Mbatatesi za ku Tsangano tiziphika, osati kukazinga masiku onse. Mwana akalira tisamutonthoze ndi switi. Tizitsuka mano m'maŵa ndi pogona ndi mankhwala otsukira mano. Dzino likayamba kuŵaŵa tipite ku chipatala msanga, tisadikire tsaya litupe.

Amayi anzathu, supuni ya shuga ili m'manja mwa ife. Pa misonkhano yathu ya chaka chino tiyese kuika shuga pambali, aliyense athire yekha akuŵerenga. Tidzaone chaka chamaŵa ngati paketi idzatha msanga monga kale.