Tinakonza msonkhano wa chinenero cha makolo kunja kuno: zomwe zinayenda ndi zomwe zinatilaka

Lero mlendo palibe, ndili ndekha, chifukwa ambiri mwakhala mukundifunsa za msonkhano uja ndinkangoutchula m'magawo apitawa, uja unkandichititsa kuchedwa kutulutsa pulogalamu. Unatha tsopano, ndapumako, ndiye ndikufotokozereni momwe zinayendera. Mwina wina mwa inu ali pa yunivesite ndipo akuganiza zokonza wake, asadzagwe m'maenje omwe tinagwamo ife.

Tiyambe ndi dzina. Akatswiri a maphunziro amati heritage language. Ife tinkangoti chinenero cha makolo. Ndi chinenero chomwe mwana amachimva kunyumba, pomwe kusukulu, m'basi ndi pa TV kukulankhulidwa china. Ambiri a inu mukudzidziwa. Amayi akamakalipa mumamva zonse, palibe liwu lokudutsani, koma poyankha pamatuluka Chingerezi kapena Chizulu. Musaone ngati vutoli ndi lanu nokha. Ana a Chisipanishi ku America, ana a Chipolishi kuno ku England, nkhani yake ndi yomweyi, ndipo anthu akhala akuifufuza kwa zaka zambiri. Maria Polinsky analemba buku lathunthu la olankhula otere mu 2018. Ku UCLA kuli likulu loona za zinenero zimenezi, ndipo amachititsa misonkhano ikuluikulu. Chomwe chinkatipweteka n'chakuti m'misonkhano yotere zinenero za kwathu sizimveka kwenikweni. Ndiye tinati tiyeni tikonze wathu, waung'ono, wa masiku awiri, woika pamodzi aphunzitsi a ana ndi anthu opanga mapulogalamu a pakompyuta.

M'komiti tinalimo asanu, tonse ophunzira. Mphunzitsi wina wa pa yunivesite yathu anatipezera chipinda ndi kandalama pang'ono. Tinayamba kutatsala pafupifupi chaka, ndipo ndikuuzeni zoona, chaka chimenecho chinachepa. Choyamba ndi tsiku, malo ndi bajeti. Kenako mumalemba kalata yoitana anthu kuti atumize chidule cha zomwe akufuna kudzakamba, chomwe amati abstract. Apa ndi pomwe tinalakwitsa koyamba.

Kalatayo tinailemba m'Chingerezi chokhachokha, chija cha m'mabuku. Tinati abstract isapitirire mawu 300, ifotokoze njira ya kafukufuku, itchule mabuku omwe munthu wawerenga. Patatha mwezi tinalandira zolemba kuchokera kwa akatswiri a zinenero ndi a makompyuta. Kuchokera kwa aphunzitsi a sukulu za Loweruka, zija ana amaphunzira Chichewa m'holo ya tchalitchi, sikunabwere ngakhale imodzi. Ndinaimbira foni mayi ena ake omwe akhala akuphunzitsa ana otere kwa nthawi yaitali. Ndinati, "Anti, simunaione kalata ija?" Iwo anati, "Ndinaiona mwanawe. Koma inu mwaitana anzanu a madigiri. Ine ndikalembe chiyani? Ine ndimangophunzitsa ana kupereka moni ndi kulandira chinthu ndi manja awiri." Ndinasowa choyankha. Msonkhano wa chinenero cha makolo, koma makolowo tawatsekera kunja ndi kalata yathu yomwe.

Tinasintha. Tinalembanso kalatayo m'Chichewa, ndipo tinati amene sakufuna kulemba angotumiza voice note ya mphindi zitatu pa WhatsApp, anene zomwe amachita ndi ana ndi chomwe chikumuvuta. Sabata yomweyo foni yanga inadzaza. Mayi wina anafotokoza momwe amagwiritsira ntchito nthano pophunzitsa. Bambo wina wa ku South Africa anati ana ake amakana kulankhula Chichewa panjira chifukwa amaopa kudziwika kuti ndi alendo. Nkhani imeneyo simungaipeze mu abstract ya mawu 300, koma ndi imene inakhudza anthu kwambiri pa msonkhano wonse.

Kusankha zolemba nakonso kunali ndi zake. Mwambo wa misonkhano ya maphunziro ndi woti wowerenga asadziwe dzina la wolemba. Koma anthu ofufuza za Chichewa ndi ochepa, amadziwana, ukangowerenga ziganizo ziwiri wadziwa kale kuti uyu ndi uje. Ndiye tinakonza kuti cholemba chilichonse chione anthu awiri, mmodzi wa ku yunivesite, wina mphunzitsi kapena kholo. Funso la khololo linali limodzi basi: kodi zimenezi ndikazimva, Loweruka likubwerali ndikachita chiyani chosiyana? Zolemba zina zokoma kwambiri zinabwezedwa kuti eni ake ayankhe kaye funso limenelo.

Tsopano za ulendo. Ngati mukuitana munthu kuchokera ku Zomba, ku Lusaka kapena ku Tete, yambani ndi visa musanagule china chilichonse. Vutoli si la ife tokha. Mu 2018 akatswiri ambiri a ku Africa analephera kufika ku msonkhano wa NeurIPS ku Montreal chifukwa cha ma visa, ndipo zoterezi zinathandiza kuti anthu ayambe kukankha zoti misonkhano ikuluikulu izichitikiranso ku Africa. Mu 2023 msonkhano wa ICLR unachitikira ku Kigali. Ifeyo mlendo wathu wamkulu wochokera kumudzi visa yake inatuluka msonkhano utatha. Mwamwayi tinali titamupempha kuti ajambuliretu nkhani yake, chifukwa tinkaopanso kuzima kwa magetsi. Anangolowa pa Zoom nthawi ya mafunso. Ikani mu bajeti ndalama ya data ya anthu olowa pa intaneti kuchokera kumudzi, musayese kuti ali nayo. Onaninso mawotchi. M'chilimwe cha kuno England imatsalira ndi ola limodzi kwa Malawi, pomwe New York imatsalira ndi maola 6. Zokambirana zomwe tinkafuna kuti aliyense akhalepo tinaziika masana.

Gawo la makompyuta linali lotentha. Google Translate inayamba kumasulira Chichewa mu 2014. Mu 2019 kunayamba gulu la Masakhane, achinyamata a ku Africa opanga makina omasulira zinenero zawo. Mu 2022 kampani ya Meta inatulutsa makina omasulira zinenero 200, Chinyanja chili momwemo. Ndiye zida zilipo. Koma mnyamata wina wa makompyuta anafotokoza bwino chifukwa chake zimapunthwa. Anati tengani liwu loti "sindinamuuzenso". Kwa ife ndi liwu limodzi, koma muli kukana, muli ine, muli nthawi, muli munthu wouzidwayo, muli kubwereza. Makina ozolowera Chingerezi amalidula molakwika. Tenganinso "mtengo". Polemba ndi chimodzimodzi, koma mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika timausiyanitsa ndi kakwezedwe ka mawu, komwe sitikulemba. Kalembedwe nakonso sikamodzi: ku Zambia amalemba "ci" pomwe ku Malawi timalemba "chi", ndipo chilembo cha ŵ ena amachilemba, ena anachisiya. Komanso zolemba zambiri za Chichewa zomwe zili pa intaneti ndi zachipembedzo ndi za nyuzipepala. N'chifukwa chake ukapempha makina kuti akulembere uthenga wopita kwa msuweni wako, umamveka ngati ulaliki.

Ndiye mnyamatayo anapitiriza kuti, chomwe tikusowa ndi mawu enieni a anthu, tiyeni tijambule agogo athu ambirimbiri. Anti aja anakweza dzanja. Anati, "Pepani achimwene, mawu a amayi anga mukawajambula apita kuti? Adzagulitsidwa? Ndipo akadzamwalira, ine ndidzawamvera kuti?" M'chipindamo munangoti zii. Funso limenelo silinali pa pulogalamu, koma linatitengera ola lathunthu, ndipo tinalisiya kuti liyende.

Pokambirana wina anatikumbutsa mbiri yomwe ambiri sitinkaidziwa. Buku lotchedwa A Grammar of Chichewa linatuluka ku America mu 1937. Analilemba ndi Mark Hanna Watkins, ndipo munthu amene ankamuuza mawu ndi ziganizo anali mnyamata wa ku Kasungu yemwe ankaphunzira ku Chicago, Kamuzu Banda. Ndiye kuti wophunzira wa kunja kupereka chinenero chake kwa ofufuza si zachilendo. Funso ndi lakuti woperekayo ndi abale ake amatsala ndi chiyani. Tinagwirizana zinthu zinayi. Chilolezo chiziwerengedwa mokweza m'Chichewa, osati kungosainitsa pepala la Chingerezi. Munthu auzidwe momveka ngati mawu ake adzagwiritsidwe ntchito pophunzitsa makina. Akhale ndi ufulu wonena kuti chotsani. Ndipo kope la zojambulazo lipite kubanja ndi kusukulu ya Loweruka, lisakhale pa kompyuta ya wofufuza yekha.

Chinanso chomwe sindidzaiwala. Tinapempha mtsikana wa zaka 17, wobadwira kuno, kuti ayendetse gawo limodzi m'Chichewa. Anayesetsa, koma pena anati "mafunso zambiri". Wina kumbuyo anaseka. Ndinaona nkhope yake ikusintha, ndipo chiganizo chotsatira chinatuluka m'Chingerezi. Amene anapulumutsa zinthu ndi bambo wina wa ku Zimbabwe, yemwe agogo ake anapita kumeneko kukagwira ntchito m'migodi. Anaimirira n'kunena kuti Chichewa chake n'chosakanikira ndi Chishona, kuti akabwera ku Malawi amamuseka, koma malamulo a dziko la Zimbabwe a 2013 amachiwerengera Chichewa pa zinenero 16 zovomerezeka, ndipo chinafika pamenepo chifukwa anthu ngati iye sanasiye kuchilankhula. Anati, "Pitiriza mwanangu, tikukumva." Mtsikanayo anabwerera ku Chichewa mpaka kumaliza. Mukadzakonza wanu, nenani poyambirira penipeni kuti muno sitisekana, ndipo wofuna kukonza mnzake akamukonze pambali.

Joshua Fishman analemba mu 1991 kuti chinenero chimapulumuka ngati chikudutsa kuchokera kwa makolo kupita kwa ana m'nyumba ndi m'mudzi, ndipo kuti zina zonse popanda chimenechi sizipita patali. Pamsonkhano wathu ndinaziona ndi maso. App ikhoza kukuphunzitsa mawu, ikhoza kukuthandiza kalembedwe, koma siikupatsa chifukwa cholankhulira. Chifukwacho ndi agogo ako omwe akudikira pa foni.

Zomwe zinatilaka ziliponso. Sitinaike womasulira, ndiye alendo osamva Chichewa anasochera m'magawo ena, ndipo makolo ena anasochera m'magawo a Chingerezi. Sitinakonze malo osungira ana, ndiye amayi angapo anachoka msanga. Nthawi ya nkhomaliro tinaifupikitsa, chonsecho pa nsima paja ndi pomwe aphunzitsi ndi a makompyuta anayambira kumvana. Ndipo msonkhano utatha tonse tinali otopa, lipoti linachedwa. Sankhiranitu munthu mmodzi amene ntchito yake iyambe tsiku lotsekera.

Ndiye ntchito ya sabata ino ndi iyi. Imbirani agogo, azakhali kapena amalume. Apempheni kaye, akalola jambulani nthano imodzi kapena nkhani ya momwe anakulira. Sungani, tumizirankoni azibale anu. Mukalakwitsa polankhula nawo, pitirizani. Ndipo ngati kwanuko kuli sukulu ya Loweruka, kadzionetseni, amafuna manja.